Utoto unafufutika, pepala lilipo

Anthu amandiseka kuti ndimasunga mapepala ngati ofesi ya boma. Aseke. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki kumalire a Mwanza mpaka kupuma, ndipo ndinaonapo thiraki yodzadza katundu ikugona sabata yathunthu chifukwa cha kapepala kamodzi. Anga onse ali m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, lililonse mu envulopu yake.

Kagalu kanga anandipatsa ndi dalaivala wina wochokera ku Joni, amene abwana ake anamuletsa kuyenda nako. Ndi kakafupi miyendo, ubweya wokhakhala ngati burashi, koyera thupi lonse kupatula khutu limodzi lakuda. Nditafika nako kwathu kwa Kanduku, anthu ankafunsa ngati ndi mphaka. Anasiya kufunsa tsiku limene kanalowa pansi pa nkhokwe n'kuyamba kutulutsa makoswe mmodzimmodzi, kuwapukusa pakhosi n'kuwandandalika pabwalo. Chimwalirireni mayi akunyumba, kamene kamandiperekeza kumunda ndi komweko, ndipo ndikamayankhula ndekha kamapendeketsa mutu n'kumamvetsera.

Chaka china kunabuka chiwewe. Atalengeza za katemera, ndinakakweza m'dengu la panjinga mpaka pabwalo la sukulu. Galu akabayidwa ankamupaka utoto wabuluu pamphumi, mwini wake n'kulandira kapepala. Anzanga ambiri mapepalawo anapichirira fodya. Langa linalowa mu envulopu.

Patatha milungu itatu kunafika amuna awiri oombera agalu osabayitsa, wina ali ndi mfuti, wina ndi kope. Anakapeza kakutuluka kuuna kuseri kwa khola la mbuzi, kali katondo yekhayekha, utoto uja utapita ndi dothi.

"Kalibe chizindikiro aka," anatero wamfutiyo. "Madala, tapatukani."

"Chizindikiro chake chili m'nyumba. Dikirani."

"Ife timaona pamphumi, osati m'nyumba."

Ndinakanyamula n'kukapanira m'khwapa. Ngati mfutiyo inali ndi changu, ikanayamba ndi ine. Ndinalowa nako, n'kutsegula sutikesi ndi dzanja limodzi, n'kutuluka ndi pepala.

Wakopeyo analiwerenga, kenako anaseka. "Pano alemba kuti galu woyera. Uyu ndi wofiira. Mwabwereka pepala la eni ake eti, agogo?"

Ine kubwereka pepala! Ine amene sindinasocheretsepo fomu ya munthu ndi imodzi yomwe! Ndinangokoka beseni, n'kuthiramo madzi amene ndinatungira kuti ndisambe ndekha, n'kutenga sopo.

"Khalani pansi, muonerere," ndinatero.

Kagaluko sikagwirizana ndi madzi. Kanaphiriphitha, kanandikanda mkono, kanawaza thope pa thalauza la wamfutiyo. Ndinakatikita mpaka madzi anafiira ngati a m'chithaphwi. Msana unayera, mimba inayera, khutu lakuda linaonekera. Ndinapatula ubweya wa pamphumi ndi zala, ndipo patsinde penipeni panali timadontho tabuluu.

"Tabwerani, bambo wowerenga. Woyera kapena wofiira?"

Anasuzumira, n'kutseka kope lake. "Chabwino, madala. Tapita."

"Simunapite. Lembani kuseri kwa pepalali kuti mwakaona, muike tsiku la lero, musayine. Mawa kubwera anzanu, ine ndiyambirenso kutunga madzi?"

"Koma inu ndiye ovuta."

"Mwachedwa kudziwa."

Bolopeni yake inakana kulemba, ndinamubwereka yanga. Anasayina atatsamiza pepala pa chishalo cha njinga, ndipo ndinamubwezeranso kuti alembe mwezi umene anaiwala.

Asanafike n'kumsewu komwe, kagalu kanali katabwerera kuuna kuja, kukungooneka kamchira, dothi likuuluka. Sindinakaletse, chifukwa makoswe sadikira kuti galu aume. Pepalalo ndinaliyanika kaye pawindo, linali litadonthokera madzi pakona.