Nsengwa ya Mwana Wanga Woyamba

Mimba yanga yoyamba ndinaisenza ndekha m'nyumba ya aphunzitsi kumapiri a Ntchisi. Amuna anga anali atapita ku Joni kukafuna ntchito, ndipo mayi anga anali atamwalira kale kwathu ku Chisepo. Nseru inkandigwira m'mawa uliwonse. Fungo la choko linkanditulutsa m'kalasi ana akulemba. Ndikaweruka ndinkakhala pakhonde, nkhungu ikutsika m'mapiri, misozi n'kumangobwera yokha.

Tsiku lina kusikelo ndinauza anamwino, mayi achikulire ofatsa, kuti mwina ndikudwala.

"Simukudwala, aphunzitsi," anatero akundipima pamimba. "Ndi nsengwa ikugwira ntchito yake. Imakula limodzi ndi mwana, itamatirira kuchiberekero. Chakudya ndi mpweya zimadutsa mmenemo popita kwa mwana. Imatulutsanso mahomoni ogwira mimba kuti isachoke, ena okonza mabere. Nseru yanuyo ikuchokera pomwepo."

"Nanga misoziyi?"

"Ina ndi ya mahomoni, ina ndi yanu. Kunyumba mumakhala ndi ndani?"

Ndinangotenga buku langa la sikelo n'kubwerera kunyumba. Koma kuyambira pamenepo ndinkadzikakamiza kudya nyemba ndi bonongwe ngakhale mtima ukane, osaiwalanso mapiritsi owonjezera magazi. Zinkandilimbitsa kudziwa kuti pali china chikundithandiza kulera mwanayo.

Masiku atayandikira ndinapita kuchidikiro. Anzanga onse anali ndi owadikirira: amayi awo, apongozi, azichemwali. Ine ndinkasonkha moto ndekha, kuwerama movutikira.

Mwana anabadwa masana kukugwa mvula, wamkazi. Posakhalitsa nsengwa inatuluka. Anamwino aja anaiika m'beseni n'kumaitembenuza kuti aone ngati yatuluka yonse. Kwathu amaikwirira ndi amayi akuluakulu, mwachinsinsi, koma ine ndinalibe wondichitira zimenezo.

"Ndiione nawo," ndinapempha.

Anasendeza beseni. Inali yofiira moderako ngati chiwindi, mitsempha itayala pamwamba, mchombo ukulendewera.

"Mupita nayo kuti?"

"Kuli dzenje lake kuseriku. Musadandaule, yatuluka bwino."

Anaivindikira n'kutuluka nayo. Ndinatsala ndikuyang'ana chitseko mpaka mwana analira pachifuwa panga.

Atatitulutsa ndinayesa kuimbira amuna anga, foni osapezeka. Ndinakwera njinga yamoto, khanda ndalifungatira m'chitenje, kukwera zitunda zoterera mpaka kusukulu. Pakhomo udzu unali utamera mpaka pakhonde. Ndinamugoneka pamphasa, ndinatenga tsache n'kuyamba kusesa.