Thumba la Chimanga Lipita ku Yunivesite

Ndinanyamuka ku Mabvuku 6 koloko m'mawa, nditavala jekete la kutchalitchi, mawondo nditawadzoza mafuta a vikisi. Amene anandiitana ndi mdzukulu wanga Tadala. Amaphunzitsa ku yunivesite za momwe mafupa ndi minofu zimanyamulira thupi. Dzina la phunzirolo lachingerezi limandithyola lilime. Ana amene amawaphunzitsa ankawodzera m'kalasi, ndipo tsikulo mkulu wina amabwera kudzaona ngati mwanayu ayenera kupitiriza ntchito.

"Agogo, munasenza matumba ku mafakitale a ku Workington zaka makumi atatu," anatero pafoni. "Bwerani mudzawaonetse. Ndidzaika mabuku m'katoni kuti mudzanyamule."

"Katoni? Iwe, ndine wa positi ofesi ine? Thumba lenileni ndibwera nalo ndekha."

Kombi, minibasi yopita m'tauni, inali dola imodzi. Tikudutsa ku Msasa, tinagwa m'dzenje mpaka mayi wina anandikhalira pamwendo. Ndinamuthokoza.

8 koloko ndinali pa msika waukulu wa Mbare Musika, ndikudya mbatata yophika ndi tiyi, kenaka ndinagula chimanga, thumba la makilo makumi asanu. Hwindi wa kombi yachiwiri, mnyamata woitanira anthu uja, analiyang'ana kuyambira pansi.

"Achimwene, ili lilipira mpando."

"Lilipira, mwanawe. Likupita kusukulu, ulikhazike pawindo."

Tinakhala moyandikana ngati banja, ilo dola, ine dola. M'njira ndinayamba kuwerenga zaka zanga, ndipo mantha anandigwira. Thumba lotere ndinalisenza komaliza Tadala asanamere mano. Likandigwetsa pamaso pa mkulu uja, ndigwa ndi mdzukulu wanga yemwe.

10 koloko itakwana, alonda awiri a pa yunivesite analikwakwaza thumbalo mpaka m'kalasi. Mkuluyo anali kumbuyo, wamagalasi, cholembera chili chilili. Tadala sanayatse makina ake a zithunzi. Anaitana mnyamata wina wa chifuwa ngati chitseko cha garaja, namuimika pambali panga.

"Lembani papepala," anawauza anawo. "Ndani mwa awiriwa aike thumbali paphewa, ndipo chifukwa chiyani?"

Onse anasankha chitseko, kupatula mtsikana mmodzi amene ndikuganiza anangondimvera chisoni.

Mnyamatayo anawerama miyendo ili njo, thumba lili kutali ngati likununkha. Analifikitsa m'mawondo, nkhope inafufuma, thumba phi! pansi.

Ine ndinavula jekete. Ndinanjuta, ndinalikumbatira monga ndinkawakumbatira malemu amayi a kunyumba, ndinaligoneka pabondo, ndinapuma kamodzi, ndipo miyendo inachita zotsalazo. Bondo lamanzere linalira kuti khwa, koma thumba linali paphewa. Ndinayenda nalo mpaka pa mkulu uja ndi kumupatsa moni.

Kalasi inaphulika. Tadala sanawalole kungoseka.

"Mwalakwa pati? Thumba linali kutali bwanji ndi msana wa aliyense? Bwerani mujambule."

Ana ogona aja anayamba kulimbirana choko. Mivi ili apa, manambala ali apo, kukangana ngati amayi a tomato pa Musika. Chimene ine ndinachiphunzira ndi msana, iwo anachipeza pabolodi, ndipo aliyense anafuna kunjuta ayese yekha.

Potuluka, mkulu uja anandikokera pambali.

"Sekuru," anatero, ndiko kuti agogo m'chinenero cha kuno, "ndikamanyamula mdzukulu wanga msana umandibaya. Ndimalakwa chiyani?"

"Funsani aphunzitsi, bambo. Ine ndine wonyamula chabe."

Anatembenukira kwa Tadala: "Thumbali musalitaye. Mudzalifuna chaka chamawa."

Chaka chamawa! Tadala anandifinya dzanja mpaka linachita dzanzi.

Ndinafika ku Mabvuku 4 koloko, ndikutsimphina, mpando wa pambali panga muli munthu wamba. Ndaona kuti mwana wa sukulu ayambe walakwitsa ndi manja ake, bolodi libwere pambuyo. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Thumba langa lalembedwa ntchito ku yunivesite, ndipo likukhala mu ofesi ya mdzukulu wanga, pafupi ndi windo.