Utsi wa galimoto ya alamu anga

Mutu unayamba kundiwawa m'mwezi wa Juni, ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Unkagunda pamphumi, kenako chizungulire ndi nseru. Ndikapita kumsika wa pa Boma kukagulitsa kachewere ndinkapezako bwino, koma ndikabwerera kunyumba zinkayambiranso.

Masiku amenewo magetsi ankangothimathima. Alamu anga a Fulugensio, akulu awo a amuna anga, amene amanyamula matabwa kuphiri pa kagalimoto kawo, anadziika okha pa ukatswiri. Ankaimika galimotoyo mogundiza khoma, n'kudutsitsa mawaya a batire pawindo la kuchipinda kwathu mpaka pabalaza kuti azionera mpira pa wailesi ya kanema. Injini sankaizimitsa, ati batire lingathe moto. Paipi ya utsi inali pansi penipeni pa windolo. Ine, pothawa chisanu cha kuno ku Dedza, ndinali nditatseka mipata yonse ya m'chipindamo ndi masaka. Panatsala mpata wa mawayawo basi.

Nditadandaula za mutu, alamuwo anati, "Mlamu, pakati pamatero. Musatisokoneze." Amuna anga anaseka nawo, ndipo kuseka kumeneko kumandiwawabe. Kuchipatala chaching'ono anandiyeza malungo osawapeza, n'kundipatsa mankhwala a mutu.

Loweruka lina masana ndinakagona m'chipindamo. Pofuna kudzuka, miyendo inakana. Ndinasanza, mtima ukuthamanga, mawu osatuluka. Pabalaza chitseko chinali chotsegula, anthu akukuwa ndi chigoli. Amene anandipeza ndili pansi ndi mayi Nachisale, oyandikana nafe nyumba, atabwera kudzabwereka sefa. Nkhuku imene inkafungatira mazira m'dengu pakona m'chipindamo inali itafa kale.

Ananditengera kuchipatala chachikulu pa galimoto yomweyo. Anandiika mpweya m'mphuno, nanditenga magazi. Namwino ankabwera pafupipafupi kudzamvetsera mtima wa mwana. Mtimawo unkamveka, koma mwanayo sankasuntha. Ndinagona chagada, manja pamimba, ndikuopa kwambiri, ndikutukwana alamu anga chamumtima. Mawa lake m'mawa, akukolopa m'wodi, mwanayo anandimenya kamwendo kamodzi m'mimba. Ndinalira mokweza.

Dokotala atamva za nkhuku ija ndi za galimotoyo anandiuza kuti, "Mayi, mpweya woipa wa mu utsi wa injini suoneka ndipo sununkha. Mukanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina."

Alamu anabwera ndi nthochi, amvekere, "Zangochitika, mlamu." Sizinangochitika ayi. Kunali kuuma mutu kwa munthu wosamva za anzake. Nthochizo ndinapatsa mayi wa bedi loyandikana nane.

Mwana anabadwa mu Seputembala, wamkazi, ndipo pano akukwawa. Ine mutu umandivutabe mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zina ndimaiwalaiwala. Batire timagwiritsabe ntchito, koma lochotsa m'galimoto. Timakalitchajitsa kwina, limakhala pakhonde popita mphepo, kutali ndi mbaula, ndipo mawaya anatilumikizira ndi munthu amene anaphunzira zamagetsi. Masaka aja ndinachotsa.

Mukaona mutu ukukuwawani m'nyumba koma panja n'kumaleka, tulukani, thamangirani kuchipatala, ndipo mukanene zonse zimene zimayaka kapena kulira pakhomo panu. Musadikire chilolezo cha anthu oonera mpira.

A Fulugensio anatumiza uthenga woti mwanayu amutcha dzina ndi iwowo, poti ndiwo aakulu kuchimuna. Ndinawayankha kuti akatche nkhuku ija.