Dzanja Lamanzere la a Stephano Kayuni

A Stephano Kayuni, mlongo wawo wa amayi anga, ankasamala dzanja lawo lamanzere monga ena asamalira ng'ombe ya mkaka. Lamanja ankalilola kugwira chilichonse: khasu, chikwakwa, ngakhale chikuni chamoto. Lamanzere linali ndi malamulo ake. Kunsonga kwa zala zake kunali khungu lolimba ngati chikopa, lobwera chifukwa chopanikiza nsambo za gitala zaka zambiri. Iwo ankalitcha nsapato za zala, ndipo ankati munthu wopanda nsapatozo asayerekeze kuyenda pa waya.

Ine ndinafika kwawo ku Wovwe mu 1974 kuchokera ku Kitwe, kumene ndinabadwira. Tsitsi anandimeta pachipata cholowera m'dziko muno, buluku langa lotambalala kumiyendo linagona pansi pa sutikesi, ndipo ana ankanditsatira kuti amve mmene ndimaphera Chitumbuka. Amayi anandiuza kuti ndiziwatchula a sibweni, ndiko kuti amalume, ndipo iwo ankandiitana muphwa, mwana wa mlongo wawo. M'mudzi monsemo, gitala wawo ndiye yekha amene ndinkamumva popanda womasulira.

Anabadwira ku Vinthukutu. Anayamba ndi banjo ya chitini cha mafuta, nsambo zake za waya wa buleki ya njinga. Gitala weniweni anabwera ndi mkulu wawo, a Zebedee, pochokera ku migodi ya ku Joni, pamodzi ndi galamafoni yopukusa ndi zimbale zingapo. A Zebedee anabweranso ndi chifuwa, ndipo sanakhalitse. Pa zimbalezo panali chimodzi chofufutika dzina, mmene munthu mmodzi wa ku Amereka ankayimba yekha ndi gitala wake, pang'onopang'ono, ngati wokhala pakhomo pa nyumba yoti aichoka mawa. Nditawauza kuti ku Kitwe nyimbo zotere timati bulusi, anandiyang'ana ngati ndawauza dzina la mwana wawo yemwe. Anati imeneyo ndi nyimbo ya Zebedee, basi.

Atakwatira mayi Keziya, amene anthu ankawaitana Nyachirambo, anapeza puloti ku sikimu ya mpunga. Kumeneko ndi kumene dzanja lija linayamba kuvutika. Ku sikimu madzi amabwera ndi ngalande, mpunga umalimidwa kawiri pachaka, ndipo nthawi yookera mbande manja amakhala m'matope kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Nsapato za zala zija zinkafewa, kuyera, n'kusendeka. Akapanikiza waya, wayayo ankalowa m'mnofu.

Choncho a sibweni anagawa nyimbo zawo potsata ntchito ya kumunda. Nthawi yookera ankayimba zopepuka, zimene dzanja lamanzere limangosuntha pang'ono, ntchito yonse n'kugwidwa ndi chala chachikulu cha kumanja. Yodziwika kwambiri inali ya mbalame, imene anapeka ali pamsanja kuthamangitsa mpheta: mlimi akuchonderera mbalame kuti zikadye kwa mnansi wake, poti mpunga wa kumeneko ngonenepa. Pa ukwati uliwonse anthu ankaifuna, ngakhale okalamba ankadzuka n'kugwedeza mapewa. Mwini wake ankainyoza. Ankati ndi nyimbo yoti ngakhale mbuzi itaphunzitsidwa ingayimbe.

Manja akauma, zala zikalimbanso, ankabwerera ku nyimbo ya Zebedee. Chiyambi chake ankachikhoza bwino kwambiri, moti ndikatsinzina ndinkadziona ndili m'mabala a ku Kitwe. Koma pakati pake pali malo amene woyimba uja amakankhira nsambo m'mwamba mpaka ilire ngati munthu, kenako mwadzidzidzi ali kale kumunsi kwa khosi la gitala, wayamba mawu ena. Pamenepo a sibweni ankagwa nthawi zonse. Ndipo nthawi zonse mlandu unali wa madzi.

Tsiku lina ndinachotsa chimbalecho n'kuchiyang'ana padzuwa. Chinali ndi kamzere kokalika, ndipo singano ikafika pamenepo inkadumpha. Ndinawaonetsa. Ndinawafotokozera kuti zimbale zakale zimatero, kuti pali kachigawo ka nyimbo kamene sitikukamva, kuti munthu wa ku Amereka uja anatsika ndi zala zake bwinobwino ngati wina aliyense. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kulanda chimbale chawo, n'kuchipukuta ndi malaya.

"Muphwa, iwe mpunga sudziwa kuoka, Chitumbuka sudziwa, lero wadziwa zala za munthu uyu? Ngati singano ikutha kudumpha, chala chilephera bwanji?"

Nkhani ya anthu a wailesi inalengezedwa kutchalitchi ndi mphunzitsi wamkulu: akubwera kuchokera ku Blantyre kudzajambula oyimba a m'midzi, ndipo adzaima pasukulu tsiku limodzi lokha. Tsikulo linagwera pakati penipeni pa nthawi yookera mpunga wa m'chilimwe.

Lamulo la ku sikimu aliyense ankalidziwa. Madzi amaperekedwa chigawo ndi chigawo, ndiye onse a chigawo chimodzi aokere limodzi. Wotsalira amachenjezedwa, ndipo akabwereza, puloti imapatsidwa kwa wina, poti ofuna anali ambiri. A sibweni anali atachenjezedwa kale, chaka chimene anasiya udzu m'munda n'kupita kukayimba maukwati ku Kaporo.

M'mawa woyamba wookera anatulukira m'munda dzanja lamanzere atalikulunga m'nsanza n'kulikoleka pachifuwa ndi mpango wa mkazi wawo. Kuokera kumafuna manja awiri: lamanzere ligwire mtolo wa mbande n'kumapatula, lamanja lizibaya m'matope. Iwo anapachika mbande m'kachitini pakhosi n'kumatola ndi dzanja limodzi. Anzawo akamaliza mzere n'kubwerera, iwo anali asanafike pakati. A m'mapuloti oyandikana anayamba kufuulirana kuti Kayuni wathyoka phiko, poti kayuni m'Chitumbuka ndi mbalame, ndipo mayi wina anafunsa ngati dzanjalo lili ndi pakati, kuti akonzeretu thewera.

Mlangizi wa chigawo chathu, a Hudson, anali munthu wa ku Dedza, wofatsa, wosakonda kukalipa. Atawaona anatsika panjinga n'kunena kuti awanyamule akaonedwe kuchipatala. A sibweni anakana, koma a Hudson anaumirira mpaka nsanza zinamasulidwa. Analitembenuza dzanjalo uku ndi uku, n'kunena kuti lili bwino kuposa lawo. Sanaseke. Anangowakumbutsa kuti mbande zikukalamba ku nazale, kuti madzi apita kuchigawo china posachedwa, ndiponso kuti iwo ngakhale atafuna kuwateteza, komiti ili ndi maso ake.

Ntchito yonse inagwera Nyachirambo. Ankalowa m'madzi kusanache bwino, n'kutuluka msana utakana kuwongoka. Ruth, mwana wawo, anali wamng'ono. Ine ndinayesa, koma mizere yanga inkapita ku Tanzania, ndipo ina a Hudson anati izulidwe. Nyachirambo sanali mayi wolongolola. Analankhula kamodzi kokha, madzulo ena akudzola mafuta m'ming'alu ya m'manja, amuna awo ali pakhonde kubwereza malo ovuta aja a m'nyimbo ya Zebedee.

"Awiske Ruth, ya mbalame ija mumayimba ngakhale zala zili zilonda. Lowetsani dzanjalo m'madzi, tiokere, mukayimbe yomweyo. Anthu amaikonda."

"Anyina Ruth, ku Blantyre akamve kuti ku Karonga kuli munthu, osati wothamangitsa mpheta."

Nyachirambo anati mpheta nazo zimadya mpunga wookedwa, n'kulowa m'nyumba. Nkhaniyo sanaibwerezenso.

Pofika tsiku la wailesi, theka la puloti linali lobiriwira, theka lina matope okhaokha, ndipo madzi anali atatsekedwa. Koma nsapato za zala zinali zolimba kuposa kale lonse. A sibweni ankazigogoda pathebulo kuti timve kulira kwake.

Galimoto inaima pasukulu dzuwa litakwera. Anasankha kalasi imodzi, n'kupachika mabulangete m'mawindo. Oyimba ankayamba ayesedwa panja, pansi pa mtengo wa mango, pamaso pa mkulu wa wailesi ndi wapampando wa chipani wa m'dera lathu, amene ankamvetsera mawu a nyimbo iliyonse ngati mulibe chokhota. Panali makwaya, amayi a chipani, ndi mkulu wina wa bangwe. Itakwana nthawi yawo, a sibweni anayimba ya mbalame. Mtima wanga unakhala pansi. Wapampando anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo mkulu wa wailesi anawomba m'manja.

"Imeneyo, bambo, imeneyo. Mukalowa musasinthe kanthu. Tepi ndi yochepa, aliyense kamodzi."

Ine ndinaima pawindo pomwe bulangete linasiya mpata. A sibweni anakhala pampando wa ana asukulu, maondo m'mwamba, cholankhulira chili pafupi ndi mimba ya gitala. Mkulu wa wailesi uja anatsitsa dzanja, tepi inayamba kuzungulira. A sibweni anayamba nyimbo ya Zebedee.

Mkulu wa wailesi anakweza dzanja kuti aimitse, koma dzanjalo linangokhala m'malere. Sindinawamvepo a sibweni akuyimba chiyambicho monga tsiku limenelo. Panja anthu analeka kulankhula. Mnyamata wa makina, zomvera zili m'makutu, anaweramitsa mutu. Kenako anafika pamalo paja. Nsambo inakwera, inalira ngati mayi wapamaliro, chala chinathamangira kumunsi n'kutera pambali. Panamveka phokoso ngati la waya wa mpanda. Anabwerera, anakankhanso, anateranso pambali. Kachitatu dzanja linangoima pakhosi la gitala.

Makina anazimitsidwa. Tonse tinamva tepi ikubwezedwa m'mbuyo kuti malowo ajambulirepo ena. A sibweni anapempha motsitsa mawu kuti tsopano ayimbe ya mbalame ija, koma mkulu uja, mosakalipa, anati kamodzi kawo katha ndipo kwaya ikudikira. Potuluka, wapampando anawaimitsa pakhomo n'kuwafunsa kuti nyimbo yolira chonchija ikulira chiyani m'dziko la mtendere. Anayankha kuti ikulira mkulu wawo amene anamwalira ndi chifuwa. Wapampando anawayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti maliro ali ndi malo ake, ndipo anawasiya apite.

M'mawa mwake a sibweni analowetsa manja onse awiri m'matope, koma matopewo anali atayamba kuuma. Mbande zokalamba zimene anaoka zinangokula pang'ono n'kubereka tingala topanda kanthu. Itatha nthawi yokolola, komiti inakhala pansi, ndipo puloti inapatsidwa kwa mnyamata wina wongokwatira kumene. A Hudson anabwera okha kudzanena, chipewa chili m'manja. Nyachirambo anawayalira mphasa n'kuwathokoza chifukwa chobwera okha osatuma munthu.

A sibweni ndi banja lawo anabwerera ku Vinthukutu, kumunda wa makolo, kukalima chinangwa. Ine ndinapeza ntchito m'sitolo ku boma la Karonga, ndipo mtima wanga unali pa msewu wobwerera ku Kitwe, ngakhale mpaka lero sindinaukwere. Anthu a wailesi sanabwerenso kudera limenelo, kapena ngati anabwera, ife sitinamve. Ya mbalame a sibweni anasiya kuyimba. Oitana kumaukwati atakanidwa kangapo anapeza mnyamata wina, amene amaiyimba ngati yake, ndipo ana a masiku ano sadziwa n'komwe kuti inapekedwa ndi ndani.

Ndinakawaona a sibweni chilimwe chathachi. Ku Vinthukutu manja awo salowanso m'madzi, ndipo nsapato za zala zakula moti amazipala ndi lumo. Nyachirambo sindinawapeze. Nthawi yookera amapita ku Wovwe kukagwira ganyu m'mapuloti a anthu, kumagona kwa mbale wawo. Ruth anandiuza kuti sabata imeneyo amayi ake anali kuokera mu puloti yawo yakale ija, chifukwa mwini wake watsopano amati palibe wina woidziwa ngodya zake ngati iwo.

A sibweni anandiyimbira nyimbo ya Zebedee pakhonde. Anagwa pamalo omwe aja. Anati vuto tsopano ndi nsambo, za masiku ano n'zosalimba, ndipo ngati ndili ndi mnzanga ku Kitwe anditumizire zenizeni. Kenako anatulutsa galamafoni, imene chopukusira chake anachimanga ndi mphira, n'kundiuza kuti ndipukuse.

Chimbalecho chatha. Mawu a munthu uja akumveka ngati ali kutsidya la mtsinje wodzaza. Singano inadumpha pamalo akale. Itayenda pang'ono, chakumapeto, inadumphanso pena pamene kale sinkadumpha. Ndinawayang'ana kuti ndione ngati amva. Anali atamva kalekale.

"Wamva pamenepo, muphwa? Kale ndinkapaphonya, makutu anali aang'ono. Bwezera singano, ndikuonetse pamene ndafika."

Ndinabwezera singano.