Sunali mchele wa amai

Atate, lelo ndinali pamzele kuchipatala kukajambulitsa m'chifuwa. Adokotala akuti munthu wosuta fodya zaka zambili ngati ine asadikile mpaka atayamba kutsokomola, ayezetse msanga. Mdala wina kumbuyo kwanga anatsokomola. Chinali chifuwa chanu chenicheni. Ndinakumbuka tsiku lija pa Kacholola, nthawi ya chipani chimodzi, ine ndi inu tikudikila basi ya ku Lusaka. Munali mutatsokomola kuyambila pokolola mpaka mvula kugwa. Abale anu anati ndi mdulo, ati amai anathila mchele m'ndiwo masiku amene mwambo unkawaletsa. Anakumwetsani mizu, amai n'kuwaletsa kukuphikilani, koma za chipatala palibe anatchulako.

Pamsewu paja munalavulila m'kampango, ndinaona magazi, inu n'kukapinda msanga. Munandigwila dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, ukabwelela ukawauze amai ako kuti ine sindinakhulupilile zija." Ndinakufunsani kuti, "Nanga bwanji simunanene pamaso pa onse?" Munangoyang'ana kumsewu. Ku Lusaka madokotala anapeza khansa ya m'mapapo, itafalikila kale, ndipo kumudzi munabwelela m'bokosi. Zotsatila zanga zituluka mawa, ndipo ndili ndi mantha, atate. Ndikadali wokwiya nanu. Uthenga wanu ndinaufikitsa, koma mpaka imfa yawo amai sanathilenso mchele m'ndiwo ndi dzanja lawo. Ankaitana ine.