NyaManda ndi Mapilitsi Ake a Khunyu

Mukafika ku Tukombo n'kufunsa za Ester, anthu angokuyang'anani. Funsani za NyaManda wa chipsera pamkono, wogulitsa ufa wa kondowole m'mbali mwa msewu, aliyense akulozerani. Ndi mayi wamfupi, wapakamwa akaputidwa, ndipo chipseracho sachibisa ayi. Mkono wa bulauzi amachita kuupinda dala.

Matenda a khunyu anamuyamba ali Sitandade 6. Ankagwa kamodzi pamwezi, mwina kawiri. Makolo ake anayenda naye kwa asing'anga mpaka ku Usisya, anamutema mphini mutu wonse, koma ayi ndithu. Amon Mhone wa ku Kande anamukwatira akudziwa zonsezi. Mwana wawo wamkazi, Lusungu, atabadwa mu 2003, Amon ananyamuka ulendo wa ku Joni kukasaka ntchito, n'kusiya mkazi m'manja mwa mayi ake, a NyaLongwe.

Chaka chotsatira Ester anagwera pamoto akukazinga usipa. Anthu anathamanga, koma atafika anaima patali, ati thovu la wakhunyu limapatsirana. Bodza lenileni! Mkono unapsa anthu akuonerera, mpaka mlamu wake analimba mtima n'kumukoka mwendo. Potsitsimuka, anapeza mwana ali kale m'manja mwa apongozi.

"Lero ndi mkono," anatero a NyaLongwe. "Mawa agwa mwana ali kumsana. Apite kwawo, mwanayu ndilera ndine."

Anamubwezadi ku Tukombo chimanjamanja. Choŵaŵa kuposa balalo chinali chimene aliyense ankanena: wakhunyu akangopsa ndi moto, basi, palibenso mankhwala omwe angagwire. Ngakhale sing'anga amene ankamudyera nkhuku zaka zonsezo ataona mkonowo anangopukusa mutu. Ester analira sabata yathunthu, kulirira mwana, osati mkono.

Potsukitsa bala ku chipatala cha Chintheche ndi pomwe anakumana ndi a Kamwendo, dokotala wa ku Dedza amene pa Chitonga ankangodziwa moni woti "yewu" basi.

"Mayi, munapsa bwanji?"

Ester anafotokoza m'Chichewa chake chopindikapindika, n'kumaliza ndi mawu akuti, "Ndiye poti ndinapsa, ati sindingachire."

"Moto wawotcha mkono, mayi. Matendawa ali mu ubongo. Moto unafikako ku ubongoko?"

Anamupatsa timapilitsi toyera, ting'onoting'ono, ta fenobabitoni, kuti azimwa madzulo aliwonse akadya. Anamuuza mosabisa kuti mankhwalawa sachotsa matenda, amangokhazika ubongo pansi kuti usachite phuma. Masabata oyamba adzamva tulo ndi kulemera mutu, koma thupi lidzazolowera. Mowa ayi. Kusamba m'nyanja yekha ayi. Kenaka anagogoda patebulo.

"Chachikulu ndi ichi: musadzasiye mwadzidzidzi, ngakhale wina akuuzeni kuti mwachira. Mukatero kugwa kumabwerera mwaukali, kotsatizana osatsitsimuka. Ena amapita nako."

Tulo take ndiye tinabweradi! Ankawodzera akusenda chinangwa, mpeni uli m'manja. Azimayi kudziwe loviika chinangwa anayamba kunong'ona kuti mankhwala achizungu amupusitsa. Mwezi wachiwiri anagwanso, anthu n'kumati, "Si tinanena!" Iye m'mawa mwake anali kale pa benchi ya a Kamwendo. Anamuwonjezera mlingo pang'ono, n'kulemba m'buku lake la kuchipatala. Anagwanso kamodzi, kenaka zii. Tulo tinachepa, mutu unapepuka, ndipo anayamba kulima munda wakewake.

Patatha chaka ndi theka osagwa, anavala chitenje chake cha kutchalitchi n'kupita ku Kande kukapempha mwana. Lusungu anali ndi zaka zitatu, ndipo atamuona anathawira kuseri kwa agogo ake. Zinamulasa mumtima Ester, koma anakhala pansi mwaulemu.

"Ama, ndabwera kudzatenga mwana. Sindikugwanso."

A NyaLongwe sanali munthu woipa, tisawanamizire. Mdzukuluyo ankamukonda zedi. Koma maganizo awo anali amodzi: wochira samwa mankhwala.

"Ngati wachira, siya mapilitsiwo. Ukhale pano mwezi wathunthu ndikuone ndi maso angawa. Ukapanda kugwa, mwana ndi wako."

Mchemwali wake wa Ester, atamva, anamupatsa nzeru yachidule. "Vomera, iwe! Uzikamwera kuchimbudzi, adziwa ndani?" Ester anaiganizira nzeruyo, poti mwana ankamufuna mpaka kuwawa m'chifuwa. Koma anaona kuti akayamba kubisa, adzabisa moyo wake wonse, ndipo tsiku lina adzalumpha kumwa chifukwa choopa maso a anthu. Anakana.

Anapita kukakhala kwa apongozi mwezi uja, koma madzulo oyamba omwe, atatha kudya, anatulutsa kabotolo pakhonde pamaso pa onse, n'kumeza pilitsi lake.

"Ama, sindinachire ndipo sindikunamizani. Sindikugwa chifukwa cha timeneti."

A NyaLongwe anayang'anitsitsa kabotolo kaja. Masiku anayi zinayenda choncho. Lachisanu madzulo Ester anapisa dzanja m'chikwama, kabotolo mulibe. Anakutumula zovala, anasuzumira pansi pa bedi, anasesa nyumba yonse. Apongozi anali pamphasa akusankha nyemba, osadzutsa mutu.

"Ama, mwaonako kabotolo kanga?"

"Tione mwezi uno," anayankha, maso ali pa nyemba.

Ha! Mkwiyo umene anaumva Ester ukanatha kugwetsa nyumba. Mantha nawo anamugwira, pokumbukira kugogoda kwa a Kamwendo patebulo. Koma kutukwana apongozi kukanangomutayitsa mwana. Anakagona osamwa kanthu.

Kutangocha anamanga buku la kuchipatala m'chitenje, nauyamba wapansi wa ku Chintheche, poti ya matola analibe. Unali mwezi wa Okutobala, phula likuwotcha kudutsa patapata. Ankayenda kumbali kwenikweni, kutali ndi magalimoto, kuti ngati agwe agwere m'maudzu. Pa milatho ankadikira munthu woti awoloke naye. Patapata wina anaduka atangodutsa theka la ulendo, iye n'kuvula onse awiri.

Linali Loweruka, ndipo anapeza zenera la mankhwala atatseka. Sanabwerere. Anafunsa nyumba ya a Kamwendo, n'kukawapeza akuchapa njinga yawo. Atamva nkhaniyo anasiya chidebe pomwepo.

"Mwalumpha masiku angati?"

"Dzulo lokha."

"Mwachita bwino kubwera lero. Mankhwalawa amakhalitsa m'thupi, tsiku limodzi simunachedwe. Madzulo ano mumwe monga mwa masiku onse, osaphatikiza ndi adzulo."

Anakatsegulitsa zenera lija, n'kumupatsa mapilitsi a mwezi wathunthu. Anafunanso kulemba kalata yokalipira apongoziwo, koma Ester anati ayi, nkhani ya pabanja akaimaliza yekha.

Anafika ku Kande dzuwa litapendeka, mapazi atatupa, chala chimodzi chikutuluka magazi. A NyaLongwe anali pakhonde ndi Lusungu. Tsiku lonse anali akuganiza kuti mkamwana wawo, Ester, wathawira kwawo, nkhani yatha. Ester anatunga madzi m'kapu, anakhala pansi pamaso pawo, anamasula kapepala ka mapilitsi n'kumeza limodzi.

"Ama, mukabisanso awa, mawa ndipitanso. Mukataya m'nyanja, ndipitanso. Ine kugwa ndinakana, chifukwa ndili ndi mwana."

A NyaLongwe anayang'ana mapazi aja nthawi yaitali.

"Wayenda wapansi? Mpaka ku Chintheche?"

"Eya, Ama."

A NyaLongwe anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kabotolo kaja, kali mbuu ndi ufa wa mumtsuko momwe anakakwirira. Anakaika pamphasa pafupi ndi Ester. Kenaka anabweretsa beseni la madzi ofunda ndi mchere, n'kuliika pa mapazi ake. Kupepesa kwawo kunali komweko.

M'mawa mwake, anthu akukonzekera za kutchalitchi, a NyaLongwe anamasula chitenje chawo cha m'chiuno, n'kuitana mdzukulu.

"Lusungu, bwera. Awa ndi anyoko, mayi ako okubala. Ester, ŵerama."

Anamukweza okha mwanayo kumsana, n'kumanga okha mfundo pachifuwa pa Ester. Lusungu anali atakula kale kuposa msinkhu woberekedwa, miyendo ikulendewera mpaka m'ntchafu mwa mayi ake. Anthu panjira ankaseka, ena n'kumati, "Mutsitseni ayende yekha, ndi wamkulu uyo, ndipo mapazi anuwo!"

Ester anangomukankhira m'mwamba pang'ono, misozi ikutsika.

"Musiyeni. Zaka ziwiri msana uwu unali wopanda kanthu."