Tsiku Limene Mkulu wa Mpingo Anawamba Banjo Yanga

Ndiyambe ndathokoza Mulungu amene wandisungira mpweya ndi zala izi, ngakhale zauma tsopano, kuti ndisimbe zimene anandichitira.

Ndinakulira m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, masiku amene munthu sunkakwera basi wopanda khadi la chipani m'thumba. Chaka chilichonse, misika ya fodya ikatsekedwa, magulu a jazi ankasonkhana pa mpikisano kunyanja ku Salima, ena ochokera maiko akutali ndi malipenga onyezimira. Ife akumapiri tinkangomva kwa obwerako.

Ndinali ndi banjo yopanga ndekha: chigubu cha mafuta, chikopa cha mbuzi pamwamba, nsambo za waya wa mabuleki a njinga. Alamu anga ankandithandiza ndi chisekese. Ndinapeka nyimbo ya nkhosa yotayika, ndipo mtima sunandipatse mpumulo mpaka ikamveke kumeneko.

Mkulu wa mpingo wathu, bambo okalamba oyenda ndi ambulera ngakhale m'chilimwe, anakana.

"Jazi ndi mowa ndi pachibale. Mukapita, pakwaya musadzakhalenso."

"Bambo, nkhosa yotayika saifunafuna m'khola," ndinayankha.

Anandiloza ndi ambulera ija. "Chabwino, ndipita nanu ndikaone ndekha. Pamowa musakayandikirepo. Ndipo nyimbo ya Mulunguyo ikakapanda kuimbidwa, kwaya mwatsazikana nayo."

Kwayayo ndinaikonda kuposa munda wanga. Komabe ndinavomera.

Tinatsika phiri atatu pa lole, ndipo tinafika dzuwa lili pamutu, tonse tili mbuu ndi fumbi. Ndinasiyira alamu banjo n'kupita kukalembetsa. Pobwerera ndinawapeza akumwetulira, banjo ikudontha madzi.

"Alamu, mwatani?"

"Ndaisambitsa m'nyanjamo. Mumafuna tikwere pansanja ngati tikuchokera kokumba mbewa?"

Ndinakhudza nsambo. Inangoti bwafu, ngati nsanza yonyowa. Chikopa chinali chitalefuka, ndipo patsogolo pathu panatsala magulu awiri okha. Kuyanika padzuwa nthawi ikanatithera. Moto unali pamalo amodzi: pamene mayi wina ankakazinga nsomba, pakati pa amuna ozungulira zipanda za masese. Ndinaima chilili. Ndikapita pamotopo ndaphwanya lonjezo, ndikapanda kupita nyimbo yafa. Ndinapemphera chamumtima, mawu ochepa kwambiri.

Mkulu uja anatambasulira alamu ambulera. "Gwirani apa, inu osambitsa mbuzi yakufa." Anandilanda banjo, nalunjika pamoto paja, nanjuta pakati pa oledzera, jekete lake la Lamulungu lili m'thupi.

"Agogo, tikupungulireni?" anafuula wina.

"Sendera uko, mwanawe, ukunditchingira moto."

Anayamba kuwamba chikopa. Ankachiyandikiza, n'kuchibweza chisanapse, n'kuchisisita ndi chikhatho, kenaka n'kugogoda ndi chala chimodzi khutu lili pafupi. Mawu ake ankakwera pang'onopang'ono mpaka anati nge. Manja amenewo sanali ophunzira tsiku limenelo.

Pondibwezera anayang'ana kumbali. "Ndisanabatizidwe ndinali woimba ng'oma pabwalo la gule. Ndinazisiya, koma chala sichiiwala. Thamangani, akukuitanani."

Tinayamba ndi nyimbo yotamanda mtsogoleri wa dziko, monga linkachitira gulu lililonse. Kenaka ndinatseka maso n'kuyamba yanga. Sindinganame kuti khamu lonse linatembenuka mtima. Ambiri ankadikira malipenga, ndipo mphotho sitinaione. Koma pofika ndime yachitatu ndinamva mawu a mayi akuvomera kolasi, ndipo nditatsekula maso anali wokazinga nsomba uja, chipande chili m'manja. Kumbuyo kwake mkulu wathu anali atavula chipewa.

Pa lole yobwerera, titayamba kukwera chitunda ndipo mphepo yakwathu itatipeza, mkulu uja anatembenukira kwa ine.

"Loweruka musachedwe kukwaya," anatero. "Koma chigubu chanucho chizithera panja pa tchalitchi."

Chinatheradi panja zaka zambiri, pansi pa mtengo wa mkuyu, pamene tinkaimbira mapemphero akatha. Ndipo m'nyengo ya mvula chikopa chikalefuka, ndinkadziwa khomo loti ndikagogode.

Inu amene mwawerenga, Ambuye akulimbitseni pa chimene anaika mumtima mwanu. Pamene mwalefuka akutumizireni manja odziwa kuwamba, ndipo mtendere wake ukhale pa inu ndi pa nyumba zanu. Amen.